A Sikelo ndi Buku Lodulidwa

A Sikelo sankalandira chinthu osachiyeza. Ukawapatsa kapu ya tiyi, ankayamba aikweza pang'ono, n'kuitsitsa, n'kuikwezanso, mutu utapendekeka ngati munthu amene akumvetsera mawu ochokera kuseri kwa khoma, kenako n'kutchula kulemera kwake. Akatero m'pamene ankamwa. Ankachita chimodzimodzi ndi buledi, nsapato, wailesi ya mnzawo, ngakhale mphaka wa eni ake akawadumphira pamiyendo. Sikuti ankalondola nthawi zonse. Nthawi zina ankaphonya kwambiri, koma ukawauza ankangoti chinthucho chili ndi mpweya m'kati.

Dzinali analitengera kuntchito. Kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza mutu, ankaima pakhomo la depoti ya mabasi opita kutali, pambali pa sikelo yaikulu yachitsulo, kuyeza katundu wa anthu apaulendo. Ankamangirira kapepala pa chikwama chilichonse n'kulembapo dzina la kumene chikupita. Mayina a mizinda ankawadziwa ngati ana awo, koma mizindayo sanaioneko. Basi ikanyamuka, iwo ankapukuta sikelo ndi kansanza n'kudikira ina. Sankakonda zolankhulalankhula. Mawu awo a tsiku lonse anali "wakwana" ndi "wapitirira", ndipo katundu akapitirira, ngakhale udandaule bwanji, ankangoyang'ana muvi wa sikeloyo mpaka iwe mwini utatsegula chikwama n'kuyamba kuchotsamo zinthu. Tsiku lopuma pantchito anawapatsa wotchi yapakhoma ngati mphatso. Anaiyeza pamaso pa mabwana onse asanathokoze, anthu n'kufa nazo kuseka.

Amene anawaonetsetsa pa zaka za ukalamba wawo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene anthu ankawatchula kuti a Mabuku. A Mabuku anali ndi kashopu ka mabuku akale pansi pa masitepe a nyumba ina ya maofesi. Pakhomo munthu ankatha kuimirira bwinobwino, koma akamalowa m'kati denga linkatsika motsatira masitepewo, mpaka kumapeto ankachita kugwada. Tsiku lonse nsapato za anthu okwera ndi otsika zinkagunda pamwamba pa mutu wawo. Ankagulitsa mabuku a sukulu, a nthano, ndi ena alionse amene eni ake atopa nawo, ndipo buku likabwera lothothoka ankalisoka ndi singano ndi ulusi n'kulimata chikuto chatsopano. Awiriwa ankanyozana monga achitira anthu apachilamu. A Mabuku ankati mlamu wawo anakwatira achemwali awo atawayeza kaye pa sikelo. A Sikelo ankayankha kuti n'zoona, ndipo anapitirira, koma anawakhululukira.

Achemwaliwo anali mayi woyenda. Ankagulitsa nsalu khomo ndi khomo, chikwama paphewa, ndipo panalibe kanjira mumzindamo kamene phazi lawo silinapondepo. Akakhala pampando kwa kanthawi ankati miyendo ikuwayabwa. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anaphunzira unamwino, n'kukapeza ntchito kunja, kudziko lozizira, n'kukwatiwa komweko. Onse ankangomutcha Nesi. Nesi atabereka mwana woyamba anaitanitsa mayi ake kuti akamuthandize miyezi itatu. Potsanzikana a Mabuku anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame amenewa sanakamuke. Miyezi itatu inatha, mapepala anawonjezedwa, mwanayo anakwawa, anaimirira, anayamba kuitana agogo ake, achemwali ali komweko. Kuno a Sikelo ankaphika m'kapoto kamodzi, n'kudyera momwemo, n'kumagona mbali yawo yokha ya bedi.

Foni yawo inali yakale, yongomvera mawu, choncho Loweruka lililonse masana ankabwera kushopu kuja kudzaonana ndi akazi awo pa foni ya mlamu wawo. Ankakhala pa katoni ya mabuku, mawondo atagunda shelefu, a Mabuku atawagwirira foni. Mbali inayo ankagwira foni ndi Nesi. Zokamba zinali zomwezomwezo: tili bwino, mwana akukula, kukuzizira, kodi mukudya. A Mabuku, poti ntchito yawo inali yongogwira foni, anali ndi mpata woyang'ana zina. Anaona kuti kumbuyo kwa achemwali awo kunkakhala khoma lomwelo loyera ndi zenera lomwelo, mwezi ndi mwezi. Anaona kuti nkhope yawo yadzaza, koma osati kunenepa kwa munthu wokondwa. Sananene kanthu, poganiza kuti mwina ndi maso awo okha.

Tsiku lina poto anasefukira kukhitchini, Nesi n'kutsamiritsa foni pa tebulo, kuthamangira komweko. Achemwali anayandikitsa nkhope n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo, chibwerereni kuno sindinatulukepo ndekha."

A Sikelo anafunsa ngati pali amene akuwaletsa. Iwo anati ayi, ana akuwasunga bwino. Kungoti chitseko cha pansi chikatsekeka chimafuna manambala kuti ulowenso, nyumba zonse n'zofanana, anthu ake amalankhula mothamanga chinenero chosamveka, ndipo Nesi ndi mwamuna wake amachoka m'mawa n'kubwera atatheratu. Akatuluka ndi pa galimoto ya mkamwini, kukagula zinthu n'kubwerera. Anati m'dziko lonselo amadziwa mtengo umodzi wokha, umene umaonekera pazenera. Apo Nesi anatulukira akupukuta manja, achemwali n'kuyamba kukamba za mano a mwana.

Foni itazima, a Sikelo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja awo. Kenako anati akukawatenga.

A Mabuku anati bwanji osangomuuza Nesi kuti abweze mayi ake. A Sikelo anati anayesapo kangapo, yankho lake limakhala loti mwezi wamawa, ndipo mayiwo akafunsidwa pamaso pa mwana wawo amati palibe vuto. Nkhani yotere, anatero, imafuna munthu akhale pampando wa m'nyumbamo. Loweruka lotsatira anamuuza Nesi kuti akufuna kudzaona mdzukulu. Nesi anaomba m'manja, nati ayamba kukonza mapepala ndi tikiti sabata yomweyo. A Mabuku anaona kuti wavomera msanga kwambiri, ngati munthu amene wasenza mtolo wolemera ndiye wina wamufunsa ngati angamulandire. Izinso sanazinene.

Mapepala anatenga nthawi yake, monga amachitira. Mapepalawo atatuluka, a Sikelo anafika kushopu tsiku la m'kati mwa sabata, zimene sankachita, n'kunena kuti akufuna buku la njira za dziko limenelo.

"Alamu, kumeneko muli ndi mkamwini wa galimoto. Buku n'lachiyani?"

"Munthu wodalira galimoto ya mkamwini satchula tsiku lonyamuka," anatero a Sikelo. "Amachita kuuzidwa."

Anafotokoza mwachidule. Ankafuna kuti akakafika akadziwe okha njira yochokera pakhomo mpaka kubwalo la ndege. Ankafuna akatulutse akazi awo, akayende nawo awiri, miyendo ikumbukire ntchito yake. Akatero ndiye adzakhala pansi ndi Nesi n'kumuuza tsiku, osati kupempha.

Mabuku a apaulendo ankakhala kumapeto kwenikweni kwa kashopuko, kumene masitepe amakumana ndi simenti, chifukwa ogula ake anali osowa. A Mabuku anakwawira komweko n'kukoka katoni yodzaza fumbi. Ambiri mwa mabukuwo anasiyidwa ndi alendo m'nyumba zogona, ena anabwera m'mabelo pamodzi ndi mabuku a sukulu. Onena za dziko limene Nesi ankakhala anapezekamo angapo.

Loyamba limene anapereka linali lalikulu, la mapepala onyezimira, lodzaza zithunzi za nyumba zachifumu, milatho ndi minda ya maluwa. A Mabuku ankalikonda. Masiku opanda makasitomala ankalitsegula okha n'kumayang'ana. A Sikelo analikweza, analitsitsa, analikwezanso, n'kutchula kulemera kwake. Anatsegula masamba ochepa n'kulibweza.

"Ili analembera anthu osapita," anatero. "Ngati inuyo."

"Nanga inu mwapita kangati, akuluakulu?"

"Ine ndili ndi tikiti."

Lachiwiri linali laling'ono, lokwana m'thumba, ndipo a Sikelo atangolinyamula nkhope yawo inamasuka. Koma atatsegula anapeza kuti n'lolembedwa m'chinenero chimene onse awiri sankachidziwa, cha zilembo zokhala ndi timadontho pamwamba. Analiyang'ana ndithu mwachisoni asanalibweze. Lina linali la anthu okwera mapiri, lina la achinyamata ogona m'matenti. Lina linkalonjeza kuonetsa munthu dziko lonselo m'masabata awiri, a Sikelo n'kunena kuti iwo akungofuna msewu umodzi. Lomaliza linali lonenepa ngati njerwa, la mapepala opyapyala ndi zilembo zing'onozing'ono, lopanda zithunzi zambiri koma lodzaza mapu: a misewu, a sitima, a mabasi. Analiwerenga atalitalikitsa kumaso, chala chikutsata mzere. Linkanena kuti ukatsika pa siteshoni yaikulu utulukire khomo liti, ukwere chiyani, utsike pati. A Sikelo anati ili ndiye analemba ndi munthu amene anasocherapo.

Asanagwirizane, zinthu zina zinawaimitsa pang'ono. Chaka chimene chinalembedwa kuseri kwa chikuto chinali chakale. Nthawi imeneyo Nesi anali asanamalize n'komwe sukulu. Anakambirana, n'kumanga mfundo yoti mitengo ya zinthu imasintha koma misewu sisamuka. Ndiye atafufuza kumapeto kumene kumakhala mayina a malo, dzina la tauni ya Nesi sanalipeze. Anafufuza onse awiri, wina ndi magalasi, wina popanda. Koma mzinda waukulu umene Nesi ankati ali nawo pafupi unalimo, ndi masamba ake ambirimbiri. A Mabuku anati malo osalembedwa m'buku lonenepa chotero ndiye kuti ndi aang'ono, ndipo m'malo aang'ono munthu sasochera. A Sikelo anagwedeza mutu. Kumufunsa Nesi sakanatha, chifukwa akanafuna kudziwa kuti mapu a mabasi akuwafunira chiyani.

Vuto lina linabwera ndi anthu. Mbiri itamveka kuti a Sikelo akupita kunja, aliyense amene anali ndi mwana kapena mbale kumeneko anatulukira ndi kaphukusi. Wina nsalu, wina nsapato, wina mankhwala a m'botolo, wina chithunzi cha malemu chili m'felemu yagalasi. Ena mwa abalewo ankakhala kutali ndi Nesi ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma eni maphukusi ankati kunja n'kumodzi, mukaonana. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akuuza anthu kuti katundu wapitirira analephera kuwauza anansi ake. Ankalandira phukusi lililonse, kuliyeza m'manja, n'kuusa moyo. Kutatsala masiku ochepa, sutikesi inali itafika pa malire amene a ndege amalola, zovala zawo zili zochepa, buku lisanalowe.

A Mabuku anati alinyamule m'manja. A Sikelo anati m'manja muli kale chikwama cha mphatso za mdzukulu, ndiponso sangalowe m'nyumba ya mwana wawo atakumbatira njerwa yolembedwa njira zotulukira. Linafunika likhale lobisika m'thumba la m'kati la jekete. Anatulutsa lezala latsopano n'kuliika pa tebulo.

Moyo wawo wonse a Mabuku ankasoka mabuku; kudula anali asanadulepo. Anakana, ananyinyirika, anati bola awabwereke sutikesi ina. Pamapeto pake anavala magalasi n'kung'amba msana wa bukulo. Anagwira ntchitoyo masana onse, nsapato zikugunda pamwamba pawo. A Mabuku ankawerenga mutu wa chigawo, a Sikelo n'kugamula. Mahotela: ndikagona kwa mwana wanga. Malo odyera: ndikadya kwa mwana wanga. Mbiri ya mafumu ndi nkhondo zawo: anafa kale amenewo. Mapiri, magombe, nyumba zosungiramo zinthu zakale, zonse zinagwera m'katoni.

"Apa pali malo ovinira," anatero a Mabuku. "Tisiye, alamu. Achemwali angafune kukakuonetsani kwa anthu."

"Dulani. Musunge ndinu, mwina mungapezereko mkazi."

A Mabuku, amene banja linawalaka kalekale, anadula masambawo.

Chimene chinatsala chinali chopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu: mapu a mzinda waukulu uja, mapu a sitima ndi mabasi, tsamba la njira ya kubwalo la ndege, ndi masamba angapo a mawu ofunsira njira. A Mabuku anasoka bwinobwino n'kumata chikuto cha pepala lakhaki chopanda dzina. A Sikelo analiyeza n'kunena kuti lakwana. Analilowetsa m'thumba, n'kusisita jekete kuona ngati likuonekera. Tsiku lonyamuka anasiyira mlamu wawo kiyi wa nyumba, kuti azikatsegula mazenera ndi kuthirira maluwa a achemwali a m'zitini. Anati sachedwa.

Kuyambira pamenepo a Mabuku ankakhala okha pa Loweruka, foni itatsamira pa mulu wa mabuku, ndipo pa khoma loyera lija pankaoneka mitu iwiri. Achemwali ankaoneka owala pang'ono. A Sikelo ankavala juzi ya mkamwini yotalika manja, n'kumayankha mafunso ndi liwu limodzilimodzi. Pofuna kudziwa za bukulo Nesi ali pomwepo, a Mabuku ankafunsa ngati jekete ija ikuwakwana. Iwo ankati ikukwana, kungoti sanaivalebe.

Kenako tsiku lina la m'kati mwa sabata foni inalira masana. Anali a Sikelo, pa foni yakale imene mkamwini anawasiyira kuti aziimba pakagwa vuto. Sanapereke moni wautali.

"Tinatuluka, alamu."

Anafotokoza pang'onopang'ono, a Mabuku atakankha chitseko cha shopu kuti amve bwino. Manambala a chitseko cha pansi anawaphunzira poyang'ana zala za mkamwini. Tsikulo ana atapita kuntchito, anaveka mdzukulu zovala zonse zimene anaziona, anamukhazika m'kangolo kake kokankha, n'kutsika. Panja achemwali anaima kaye, anakoka mpweya wozizirawo mpaka kutsokomola, kenako anaseka. A Sikelo anati chifikireni anali asanawamve akuseka chotero. Koma miyendo inali itaiwala. Ankayenda atatsamira kangoloko, mayi amene kale ankasiya anyamata m'mbuyo pa chitunda.

Pa mphambano anatulutsa buku. Anawerenga dzina la msewu pa chikwangwani n'kulifufuza pa mapu onse. Munalibe. Msewu wachiwiri munalibenso. Anapitirirabe mpaka anapeza pokwerera basi, poganiza kuti basi iliyonse imakathera pa siteshoni yaikulu, monga zinkakhalira kudepoti kwawo. Basi inabwera, anakweza kangolo, a Sikelo n'kutambasula dzanja ndi ndalama. Dalaivala anapukusa mutu n'kuloza kabokosi kowala pambali pa chitseko, kamene ena ankagunditsapo makhadi ndi mafoni. Za kabokosiko bukulo silinanene. Anamuonetsa mapu, chala chili pa siteshoni, n'kuwerenga mawu ofunsira njira monga analembedwera. Dalaivalayo anayang'ana mapuwo, anawatembenuza, n'kulankhula zambiri mwaulemu, zimene iwo anatolapo liwu limodzi lokha lotanthauza kutali. Anthu m'basimo anali chete. Palibe anadandaula, onse ankangodikira. A Sikelo anati kudikira kwa anthuwo n'kumene kunawatsitsa.

"Bukuli limayambira pa siteshoni, alamu," anatero. "Analembera munthu amene ali kale panja. Ife tili pakhomo."

Pobwerera anasokonekera. Nyumba zinali zofanana, zitseko zofanana, ngakhale mtengo uja achemwali ankaudziwa unali ndi anzake ofanana nawo mumsewu uliwonse. Anazungulira mpaka mwana anayamba kulira, manja ake atazizira ngati chitsulo. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogawa makalata, amene anazindikira mwanayo n'kuwaperekeza mpaka pakhomo. Tsiku lotsatira mwana anadzuka ndi chifuwa, ndipo mayi wa makalata uja anakumana ndi mkamwini pakhomo n'kumufunsa ngati agogo anapuma bwino.

A Mabuku anafunsa ngati Nesi anakalipa.

"Akanakalipa ndikanamuyankha. Anagwada, alamu. Anagwada pa kapeti n'kumalira."

Nesi anawapempha kuti asadzachitenso. Anati akakhala kuchipatala, chimene chimamulimbitsa mtima n'chakuti mwana wake ali m'nyumba ndi anthu ake. Akayamba kuganiza kuti mwina ali mumsewu, tsiku lina adzalakwitsa mankhwala a munthu. Analonjeza kuti akapeza tchuthi adzawatenga onse pa galimoto kukaona mzinda waukulu uja. Buku sanalilande. Analitsegula, anaona kasokedwe ka amalume ake, n'kuwabwezera bambo ake.

Komabe a Sikelo sanagonje. Anati njira yakanika koma pakamwa pakadalipo, ndipo tsiku la pa tikiti yawo yobwerera likuyandikira. Adzanena kuti pa tsikulo anyamuka awiri, ndipo mkamwini afune asafune awaperekeza. A Mabuku atamva zimenezi anakasesa nyumba ija, anachapa makatani, anagula babu watsopano wa pakhonde.

Patapita masabata angapo, amene anayamba kuoneka pa foni anali Nesi yekha, ali chigonere pa sofa, nkhope itatuwa. Anati ndi woyembekezeranso, ndipo madokotala amuuza kuti ulendo uno zili movuta, asanyamule kanthu, ngakhale mwana wake yemwe. Ntchito sangaisiye yonse. Tikiti ya bambo aisuntha.

"Amalume, musandione ngati woipa," anatero. "Kuno ndilibe wina."

A Mabuku anati palibe akumuona choncho, ndipo ankanena zoona. Foni itatembenuzidwa anaona mlamu wawo atakhala pampando wa pafupi ndi zenera, mdzukulu ali pamiyendo. Anafunsa za jekete. A Sikelo anati aipachika.

Miyezi inapita. A Mabuku ankapitabe kukatsegula mazenera, poyamba kawirikawiri, kenako mwa apo ndi apo. Maluwa ena a m'zitini anauma, ena anakula mwachisawawa n'kutsekereza khonde. Anthu a maphukusi aja ankabwera kushopu kudzafunsa ngati katundu wawo anafika, iwo n'kumayankha kuti ali m'njira, ngakhale ankadziwa kuti ambiri ali pansi pa bedi la a Sikelo kumeneko. Masamba odulidwa aja anali m'katoni. Sakanagulitsika, ndipo kuwataya ankalephera. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire kudzafuna buku la dziko lomwelo, kumene mwana wake anamuitana. Asanakoke katoni, a Mabuku anamufunsa kuti akukachita chiyani. Mayiyo anati akukathandiza mwana wake wobereka kumene, sakachedwa. A Mabuku anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kumugulitsa la zithunzi lija.

Mwana wachiwiri atabadwa mafoni anafupika. Nesi ankaimba ali m'njira yopita kuntchito, kapena ankangotumiza mawu, ndipo a Sikelo akaoneka inkaoneka nkhope yokha, manja ali pansi, otanganidwa ndi botolo kapena thewera. Choncho nthawi yomaliza imene a Mabuku anaona manjawo akuyeza chinthu inali Loweruka loyamba khandalo litatuluka kuchipatala.

Foni anagwira ndi mkamwini, ataima patali kuti onse aoneke. Nesi anali pa sofa, achemwali ataima kumbuyo kwake, mdzukulu wamkulu akuwakoka siketi. A Mabuku anali atakhala pa katoni, mutu utatsala pang'ono kugunda masitepe.

"Amalume, onani mlendo," anatero Nesi, n'kupereka khandalo kwa bambo ake.

A Sikelo anapinda manja a juzi n'kulilandira. Analikweza pang'ono, analitsitsa, analikwezanso, mutu utapendekeka. Atatchula kulemera kwake, Nesi anaseka, nati bambo awonjezera, kuchipatala anamupeza wopepuka kuposa pamenepo. Mkamwini anati ndi chifukwa cha bulangete. A Mabuku anati ndi ukalamba, sikelo yatha mafuta. Anaseka onse, ndipo kusekako kutazirala a Mabuku anafunsa funso limene anali atasiya kufunsa.

"Ndiye tikuonani liti kuno, alamu?"

A Sikelo anayang'ana Nesi, amene anali atatseka maso, mutu utatsamira sofa.

"Ayambe wayenda uyu," anatero.

"Nanenso ndinkatero," anatero achemwali, osati mokwiya, n'kuwerama kunyamula wamkulu uja, amene anali atayamba kulira.

Mkamwini anasuntha foni kuchoka dzanja lina kupita lina. A Sikelo anali akuyang'anabe khandalo. Analikwezanso, n'kulitsitsa pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, koma ulendo uno sanatchule kanthu.